Kudzaza zipolopolo wekha: miyezo ya onga tikhulupirire ya ndani?

Kondwani, Polokwane: Mwaswera bwanji nonse kumudziko. Amalume a Mbewe, ndikufuna inuyo makamaka, koma aliyense wodziwa andithandize. Mwini famu imene ndimagwirako ntchito kuno ku South Africa wakalamba, akusamukira kwa mwana wake, ndiye wandisiyira zipangizo zake zodzazira zipolopolo: press (makina okanikizira podzaza), ma die (zitsulo zoumbira chigoba ndi kulowetsera mutu) a mfuti ya .30-06, sikelo, zigoba zambirimbiri za kampani ya zipolopolo ya PMP ndi chitini chosatsegula cha onga wa S365 wa kampani ya Somchem. Laisensi ya mfutiyo ndili nayo. Chandiimitsa mutu ndi miyezo. Ndili ndi mapepala atatu ndipo lililonse likunena zake. Pali buku lakale la ku America lochoka chikuto, mdalayo akuti anagula m'ma 1970. Pali kabuku ka a Somchem eni ake. Ndiye pali chithunzi chimene mnzanga wanditumizira, cholembedwa pamanja, akuti ndi muyezo umene amaphera nyumbu chaka ndi chaka. Wa pachithunziwo ndi wochuluka kuposa enawo. Nditsate uti?

Mayi Nabanda, Matawale: Kondwani, tisanapite patali, chithunzicho usachiponye pano, ndipo wina aliyense asalembe nambala ya kulemera kwa onga pagulu lino. Tilipo ambiri, ena ndi ana asukulu, ndipo uthenga ukachoka pano umakafika kwa munthu amene sanaone zomwe zinali pamwamba pake. Kambiranani za komwe muyezo uyenera kuchokera. Manambalawo aliyense akawerenge yekha m'buku.

Sajeni Mbewe, Chinamwali: Mwanena bwino mayi. Iwe Kondwani, pepala lililonse ulifunse funso limodzi: amene analemba anayeza ndi chiyani? Mnzakoyo anayeza ndi phewa lake ndi nyumbu imene inagwa. A Somchem anayeza mu labotale, ndi mpope wokhala ndi chipangizo chowerenga pulesha. Nyumbu ikagwa siikuuza kuti mfuti inatsala pang'ono bwanji kung'ambika. Tenga kabuku ka eni ongawo, uyambire pa muyezo wapansi umene alemba.

Kondwani, Polokwane: Ndamva amalume. Komatu mnzangayu si mwana, anayamba kudzaza ine ndisanabwere kuno, ndipo mfuti yake ndi .30-06 ngati yangayi.

Chikondi, South Bend: Achimwene a Kondwani, ine kuno ku Indiana ndimadzaza .308 ndi .223, ndiye ndiyankhepo. Mfuti ziwiri zolembedwa .30-06 zimafanana dzina, koma mkati mwake sizifanana ndendende. Chamber, muja mumakhala chipolopolo, ina imakhala yothina ina yotakasuka pang'ono. Kamtunda kamene mutu wa chipolopolo umayenda usanagwire mizere ya mumpope nakonso kamasiyana, makamaka mfuti ikawombera zaka zambiri n'kudyeka. Mfuti yodyeka imatha kulandira onga wochuluka osaonetsa kanthu, muyezo womwewo mukauika mu mfuti yothina pulesha imakwera. Mnzanuyo akhoza kukhala akunena zoona zokhazokha za mfuti yake, koma za yanu sakudziwapo kanthu.

Tayang'ananinso pachithunzipo. Palembedwa amene anapanga mutu wa chipolopolo, kapena kulemera kwake kokha? Mtundu wa chigoba ulipo? Primer, kachitsulo ka kumbuyo kwa chigoba koyatsa onga kaja? Kutalika kwa chipolopolo chonse chikatha kudzazidwa? Kutalika kwa mpope umene anayesera, liwiro, pulesha? Buku lodalirika limalemba zonsezi, ndipo limapereka poyambira ndi polekezera.

Kondwani, Polokwane: Pali dzina la onga, mutu wolemera ma grain 180 (grain ndi muyeso waung'ono wa kulemera), ndi nambala imodzi basi. Pansi pake walemba kuti S365 ndi chimodzimodzi ndi onga wina wotchedwa IMR 4350, ndiye ndikhoza kungotsata buku la ku America lija.

Chikondi, South Bend: Ayi achimwene, apo ndiye ayi ndithu. Mawu akuti chimodzimodzi amachokera pa mndandanda umene umasanja mitundu ya onga kuyambira woyaka msanga mpaka woyaka pang'onopang'ono. Mitundu iwiri kukhala moyandikana pamndandandapo sikutanthauza kuti muyezo wake ndi umodzi. Mndandandawo ntchito yake ndi kukuthandizani kusankha onga woti mukagule, osati kuyezera. Ndikupatseni chitsanzo cha kuno. Pali H4831 ndi IMR 4831. Nambala ndi imodzi, ndipo kuyambira 2003 dzina la IMR lili m'manja mwa kampani ya Hodgdon yomwenso imagulitsa H4831. Koma IMR 4831 amayaka msanga kuposa mnzakeyo, ndipo a Hodgdon amalemba miyezo yawo payokhapayokha. Ngati mitundu ya kampani imodzi, ya nambala imodzi, siisinthanitsidwa, nanga onga wa a Somchem wa ku Somerset West ndi wa ku America?

Kwanu komweko samalaninso ndi S335, S355 ndi S365. Kusiyana kwake papepala ndi nambala imodzi yapakati, koma S335 amayaka msanga kuposa enawo. Pa chithunzi cholembedwa pamanja, chotumizidwa kuchokera foni ina kupita ina, 3 ndi 5 ndi 6 zimatha kuoneka zofanana.

Aphunzitsi a Nkhoma, Domasi: Ine sindidzaza zipolopolo, koma sayansi yake ndimaphunzitsa, ndiye ndiwonjezepo kuti anthu amve kukula kwa nkhaniyi. Bungwe la ku America la SAAMI, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926, linaika malire a pulesha ya .30-06 pa 60,000 psi. La ku Ulaya, CIP, la mu 1914, linaika pa 4,050 bar (psi ndi bar ndi miyeso ya pulesha). Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa pafupifupi 30 psi. Pulesha yonse ija imakwera ndi kutsika m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi, pafupi ndi tsaya la wowombera.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti onga wamakono amayaka mofulumira kwambiri pulesha ikamakwera, ndipo akayaka mofulumira pulesha imakweranso. Zimakankhana choncho. Mukakhala pafupi ndi malire, kuwonjezera onga pang'ono sikukweza pulesha pang'ono, kumaikweza kwambiri kuposa mmene liwiro lakwerera. N'chifukwa chake malirewo munthu sangawapeze poganizira. Amapezeka poyeza.

Che Saidi, Songani: Aphunzitsi, ndakumvani, koma mukunyoza anthu amene agwira mfuti moyo wawo wonse. Bambo anga anali ndi gogodela, onga ankayeza pachikhatho, buku sanaliwerengepo, ndipo anamwalira ndi zala zawo zonse khumi. Akuluakulu ndi mdambo mozimira moto. Mnzake wa Kondwaniyo ngati wadzaza zaka zonsezo osavulala, ndiye kuti pali chimene akudziwa. Makampaniwo amalemba miyezo yotsika dala poopa milandu.

Aphunzitsi a Nkhoma, Domasi: Che Saidi, sindikunyoza bambo anu. Iwo ankadziwadi onga wawo, koma unali onga wakuda, wa utsi wambiri uja, umene pulesha yake ndi yotsika ndipo umayezedwa ndi kuchuluka kwa malo amene watenga. Onga wopanda utsi ndi chinthu china. Unayamba ndi Paul Vieille ku France mu 1884, umapangidwa ndi nitrocellulose, ndipo umayezedwa pasikelo. Nzeru ya pachikhatho ikasamukira ku onga umenewu imapha. Munthu akathira onga wa m'chipolopolo chamakono mu gogodela, mpopewo umaphulika.

Mayi Nabanda, Matawale: Che Saidi, ine pa ntchito yanga yaunamwino ndalandirapo anthu otere. Dzanja lamanzere ndi limene limapita, chifukwa ndi lomwe limagwira mpope kunsi. Tizitsulo timalowanso m'maso. Wina anali mnyamata woti wangokwatira kumene, ankapirikitsa anyani m'munda wa chimanga. Amene anamwalira ndi zala khumi timawakumbukira ndi kuwatchula, koma enawa amangokhala kumudzi ndi dzanja m'thumba ndipo palibe amawafunsa kuti muyezo wawo anautenga kwa ndani.

Chikondi, South Bend: Za milandu zija Che Saidi, anthu amanenadi kunonso. Koma malire a 60,000 psi sanaikidwe ndi maloya, ndipo buku labwino limalemba pulesha imene anaipeza pa muyezo wapamwamba, mumaona nokha kuti yafika pafupi ndi malirewo. Amene amadutsa pamenepo akudya gawo limene opanga mfuti anasiya kuti likutetezeni tsiku limene chinthu china chalakwika, monga dothi mumpope kapena chigoba chofooka.

Inspekita wopuma, Sadzi: Ndilowepo chifukwa ndikuona ena ayamba kufunsana kumbali kuti press imagulidwa kuti. Kondwani ali ku South Africa. Kumeneko lamulo lawo la mfuti, Firearms Control Act ya 2000, limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yomwe, ndipo limaikanso malire, mwachitsanzo ma primer asapitirire 2,400 pa mfuti imodzi. Chikondi ali ku America, nako kuli malamulo ake. Kuno kwathu tili ndi Firearms Act, Cap. 14:08, ndipo laisensi yosunga mfuti si chilolezo chopanga zipolopolo. Onga nawonso uli ndi lamulo lake la zophulika. Aliyense wa kuno amene nkhaniyi yamukoka mtima ayambe wafunsa ku ofesi yoona za mfuti kulikulu la polisi ku Area 30, ndipo yankho alilandire lolembedwa. Asadzati ndinamva pagulu.

Che Jafali, Kachulu: Bwana Inspekita, zimenezo n'zoona, koma kunyanja kuno zipolopolo za Greener zikusowa ndipo zikapezeka mtengo wake ndi wosayamba. Alipo anthu amatola zigoba zowombera kale n'kumadzazanso, amagulitsa motchipa. Ine sindinagulepo koma anzanga osaka mbalame amagula. Poti mfuti ya mbalame pulesha yake ndi yochepa, kodi ngozi yake si yochepanso?

Chikondi, South Bend: Che Jafali, mfuti ya mbalame ndi imene miyezo yake ili yokhwima kuposa zonse. Malire a 12 bore ya chigoba cha mainchesi 2¾ ndi 11,500 psi okha, ndipo mpope wake ndi wopyapyala chifukwa anaupangira pulesha yomweyo. Pa mfuti ngati ya Kondwani munthu amayambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono. Pa ya mbalame mulibe zimenezo. Buku limatchula chigoba chakuti, primer yakuti, wad (chotchinga pakati pa onga ndi mtovu) yakuti, onga wakuti, kulemera kwa mtovu kwakuti, ndipo mumatsata momwemo osasintha ngakhale chimodzi. Kungosintha primer kumatha kukweza pulesha kudutsa malire, ndipo chigoba chake sichionetsa chizindikiro chilichonse chokuchenjezani. Munthu wodzaza zigoba zotola zosakanikirana, ndi onga wosadziwika dzina, palibe buku limene akutsata, chifukwa palibe labotale inayesapo zimenezo.

Onaninso mfuti zakale za ku England, zina chamber yake ndi ya 65 mm pamene zipolopolo zambiri za masiku ano ndi za 70 mm. Chimalowa bwinobwino chifukwa chisanawombedwe chimakhala chopinda kukamwa, koma chikamatseguka chimasowa malo. Werengani zimene zinadindidwa pachitsulo cha mfuti yanu.

Inspekita wopuma, Sadzi: Ndipo ogulawo adziwe kuti kupezeka ndi zipolopolo zotere ndi mlandu kwa wogula yemwe, osati wodzaza yekha. Auzeni anzanuwo Che Jafali.

Che Jafali, Kachulu: Ndikawauza bwana. Za 65 ndi 70 zo sindinkazidziwa, ndikayang'ana yanga madzulo ano.

Yamikani, Chikanda: Madala, pepani ndifunse ngati mwana. Masiku ano munthu ukhoza kungofunsa AI pafoni, imakuyankha nthawi yomweyo ndipo yawerenga mabuku onsewo. Palinso ma video pa YouTube a anthu oonetsa chilichonse. Bwanji achimwene a Kondwani osangofunsa kumeneko?

Aphunzitsi a Nkhoma, Domasi: Yamikani, funso lako ndi labwino. Bwerera ku funso la a Sajeni lija: inayeza ndi chiyani? Pulogalamu yoyankha mafunso ilibe mpope, ilibe labotale. Yawerengadi mabuku, koma yawerenganso zolemba za anthu ngati mnzake wa Kondwani, ndipo imatha kuphatikiza mzere wa onga wina ndi nambala ya onga wina n'kukuyankha molimba mtima ngati yaona ndi maso. Ukhoza kuifunsa kuti ikufotokozere kuti primer imagwira ntchito bwanji. Nambala yothira m'chigoba usatenge kumeneko.

Chikondi, South Bend: Ndipo palibe chifukwa chovutikira choncho, poti eni ake amapereka ulere. A Hodgdon ali ndi tsamba lawo la miyezo pa intaneti, a Vihtavuori a ku Finland ali ndi kabuku ndi app, a Alliant chimodzimodzi. Nkhani si yakuti pepala ndi labwino ndipo intaneti ndi yoipa. Tsamba la kampani yopanga onga ndi gwero lenileni. Chithunzi cha tsamba lomwelo chimene wakutumizira munthu si gwero, chifukwa sukudziwa ngati mzere wapamwamba wotchula dzina la onga unadulidwa, kapena ngati eni ake anasintha nambalayo chaka chatha. Pa YouTube phunzirani kagwiridwe ka press. Munthu akayamba kutchula muyezo wake, tsekani makutu.

Kondwani, Polokwane: Nanga QuickLOAD? Kuno alenje ambiri amaitama, amati ukalowetsa zonse pa kompyuta imakuuza pulesha.

Chikondi, South Bend: Imalosera pulesha, siiyeza. Ndi pulogalamu yabwino, inalembedwa ku Germany, ndipo anthu odziwa amaigwiritsa ntchito limodzi ndi chronograph, makina oyeza liwiro aja, kuti aone ngati zimene akupeza zikugwirizana ndi buku. Koma yankho lake limadalira zimene mwalowetsa, monga kukula kwa mkati mwa chigoba chanu, ndipo mukalakwitsa pamenepo imakupatsani nambala yooneka bwino koma yolakwika. Eni ake amachenjeza kuti zotsatira zake muziyerekeze ndi miyezo yoyesedwa. Kwa munthu woyamba kumene ngati inu, isiyeni kaye.

Sajeni Mbewe, Chinamwali: Tibwerere ku buku lochoka chikuto lija, chifukwa ndikumudziwa mwana wa mlongo wangayu, amakonda zinthu zakale ngati ine. Kondwani, bukulo ulisunge, uwerenge mitu yofotokoza kakonzedwe ka zigoba ndi kasamalidwe ka sikelo, imeneyo siikalamba. Koma masamba a manambala uwasiye. Onga wa Somchem mulibemo n'komwe. Ndipo buku lopanda chikuto sudziwa kuti ndi la ndani, la chaka chiti.

Chikondi, South Bend: Zoona a Sajeni. Mabuku a nthawi imeneyo ena ankayeza ndi kachidutswa ka mkuwa kamene kamaphwanyika ndi pulesha, n'kuyeza mmene kafupikira. Nambala zake ndi zija zolembedwa CUP. Ena ankangoyang'ana zigoba ndi kumva kulimba kwa bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti chija. Masiku ano amagwiritsa ntchito chipangizo chamagetsi chimene chimaonetsa kukwera konse kwa pulesha, ndipo atayamba kuyeza choncho miyezo ina yakale inapezeka kuti inali yopitirira, anaitsitsa. CUP ndi psi si chinthu chimodzi, ndipo palibe masamu odalirika osinthira ina kupita ku inzake. Munthu akaona 50,000 CUP m'buku lakale n'kuganiza kuti watsala ndi 10,000 kuti afike pa 60,000 psi, wadzinamiza.

Ngakhale makampani amabweza mawu awo. Mu 2008 a Alliant analengeza kuti onga wawo wa Blue Dot usagwiritsidwenso ntchito mu .41 Magnum, ndiponso mu .357 Magnum ya mutu wa ma grain 125, pamene miyezo imeneyo inali m'mabuku kwa zaka. Amene anali ndi buku lakale lokha sanamve. Kwa ine ichi ndi chimene chimasiyanitsa gwero lodalirika: lili ndi dzina, lili ndi chaka, lili ndi adiresi yoti mukhoza kulemberako, ndipo likapeza cholakwa limalengeza.

Che Saidi, Songani: Ndiye mwavomera nokha kuti mabuku amalakwitsa.

Chikondi, South Bend: Amalakwitsa Che Saidi, ngakhale posindikiza nambala imatha kusokonekera. N'chifukwa chake timayang'ana magwero awiri kapena atatu. Koma apanso pali msampha. Buku la a Lee, opanga zipangizo zodzazira, limasonkhanitsa miyezo yochokera kwa opanga onga, ndiye likagwirizana ndi tsamba la a Hodgdon simunapeze mboni ziwiri, mwamva mboni imodzi kawiri. A Lyman amayesa okha ndipo sapanga onga. A Hornady, Sierra, Speer ndi Nosler amayesa mitu ya zipolopolo yawo. Mboni ziwiri zenizeni ndi wopanga onga ndi wopanga mutu, aliyense atayesa payekha.

Kondwani, Polokwane: Nanga awiriwo akasiyana? Komanso mitu imene mdala wandisiyira ndi ya mitundu iwiri, ina ya PMP ya mtovu mkati, ina ya mkuwa wokhawokha. Yonse ndi 180.

Chikondi, South Bend: Adzasiyana ndithu, chifukwa mipope yawo, zigoba zawo ndi gulu la onga limene anayesera sizinali zimodzi. Zikatero mumayambira pa poyambira potsika mwa awiriwo, ndipo polekezera potsika ndiye malire anu. Musatsikenso kupitirira poyambira pamene alemba poganiza kuti kuchepetsa kulibe ngozi. Onga woyaka pang'onopang'ono akachepa kwambiri m'chigoba chachikulu amayaka mosalongosoka, ndipo mutu umatha kutsakamira mumpope.

Za mitu iwiriyo, kulemera kofanana sikukwanira. Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, ndiye mutu wa mkuwa wokhawokha wa 180 umakhala wautali, umalowa kwambiri m'chigoba n'kuchepetsa malo a onga, ndipo umagwira mizere ya mumpope mosiyana. Funani miyezo ya amene anaupanga. Mukapanda kudziwa kuti anapanga ndani, yambani ndi ya PMP yokha. Zigoba nazonso musasakanize. Za asilikali zimakonda kukhala zochindikala, mkati mwake mochepa.

Sajeni Mbewe, Chinamwali: Pali china chimene mabuku a kozizira sakuuza mokweza, ndicho dzuwa lathuli. Pano pa Zomba, pamene pali chipilala cha King's African Rifles, mfuti ya asilikali akale inali .303, ndipo zipolopolo zake zinali za onga wotchedwa cordite. Cordite ankadziwika kuti kukatentha pulesha imakwera. N'chifukwa chake Angerezi popanga mfuti zosakira ku Africa ndi ku India, monga .416 Rigby ya 1911, ankapanga chigoba chachikulu kuti pulesha ikhale yotsika. Onga wa lero wasintha, koma khalidwe limenelo silinatheretu. Muyezo umene wauyesa m'mawa wa June, kukuzizira ngati pa Ku Chawe, si womwewo masana a October kukutentha ngati ku Chikwawa. Limpopo ukuidziwa wekha. Bokosi la zipolopolo likakhala pa dashibodi padzuwa, lasanduka muyezo wina. Usakhale pa polekezera, siya mpata.

Ndipo poti ndatchula .303, amene muli nazo zovomerezeka dziwani kuti mutu wake ndi wa .311 kapena .312, pamene wa .30-06 ndi .308 ndi wa .308. Onse amatchedwa 30 koma wa .303 sulowetsedwa m'zinazo. Malire a pulesha ya .303 ndi 49,000 psi.

Kondwani, Polokwane: Amalume, mnzanga uja amati ukaona primer yaphwatalala kapena bolt yalimba potsegula ndiye wafika pamalire, ubwerere pang'ono. Si njira yoyezera imeneyo?

Sajeni Mbewe, Chinamwali: Ukaona zimenezo usiye kuwombera pomwepo, zotsalazo ukazimasule kunyumba. Koma usaganize kuti zikapanda kuoneka ndiye kuti uli bwino. Bolt ikamalimba nthawi zambiri malire unawadutsa kale. Mkuwa wa chigoba wina ndi wolimba, umabisa.

Chikondi, South Bend: Chronograph imathandiza kuposa kuyang'ana primer. Mipope yoyesera yambiri ndi ya mainchesi 24. Ngati wanu ndi wa 22 koma liwiro lanu lafika kapena lapitirira la m'buku, musakondwe kuti muli ndi mfuti yothamanga. Liwiro limenelo labwera ndi pulesha. Imani pomwepo ngakhale muyezo wa m'buku usanathe. Ndipo chitini chimenecho chikadzatha, chatsopano chikhala ndi nambala ina ya gulu limene chinapangidwira. Mudzatsikenso n'kuyambiranso kukwera.

Aphunzitsi a Nkhoma, Domasi: Chimodzi chimene chikundidetsa nkhawa ife ozolowera makilogalamu. Mabuku ambiri amalemba ma grain, chidule chake gr. Ena a ku Ulaya amalemba magalamu, chidule chake g, kapena zonse ziwiri moyandikana. Galamu imodzi ndi ma grain 15.43. Grain imodzi ndi 0.0648 ya galamu. Sikelo zamagetsi zimasintha pakati pa ziwirizi ndi batani limodzi. Kondwani, usanayambe uone kuti sikelo ikuwerenga chiyani, ndipo uiyese ndi timiyala take toyesera. Sikelo ya kukhitchini kapena ya golide ya pamsika isayandikire pamenepo.

Mayi Nabanda, Matawale: Magalasi oteteza maso, podzaza ndi powombera pomwe. Ndipo usambe m'manja ukatha, mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana ako aang'onowo.

Che Saidi, Songani: Ine ndikuonabe kuti munthu wodziwa amene wakhala nawe pafupi amaposa buku. Buku silingakugwire dzanja ukamalakwitsa.

Sajeni Mbewe, Chinamwali: Apo ndiye tagwirizana Che Saidi. Apeze munthu woti akhale naye pa benchi masiku oyamba. Koma asankhe amene amatsegula buku patsogolo pake n'kumuonetsa mzere ndi chala, osati wotchula nambala za pamtima.

Kondwani, Polokwane: Zikomo nonse. Ndayang'ana kabuku ka Somchem kaja, kakuoneka kuti nakonso ndi kakale, mapepala achita chikasu. Loweruka ndipita kusitolo ya mfuti mtauni muno ndikafunse katsopano, ndikafunsenso za kalabu ya owombera kuti ndipeze wondiyang'anira. Mitu ya mkuwa ija ndaiika padera. Funso lomaliza amalume. Pansi pa bokosi ndapeza botolo la khofi lodzaza theka ndi onga, lopanda dzina. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi zithunzi za S365, timitengo tating'onoting'ono. Mdala akuti sakukumbuka bwino koma akuganiza kuti ndi womwewo.

Chikondi, South Bend: Musathire m'chigoba ngakhale kamodzi. Onga sadziwika ndi maso, mitundu yambiri imaoneka choncho, ndipo mwina ndi wosakaniza zotsala. Palibe buku lili ndi muyezo wa botolo limenelo. Musauphatikizenso ndi wa m'chitini.

Sajeni Mbewe, Chinamwali: Ukatsegula n'kumva fungo loswa mphuno ngati asidi, kapena ukaona fumbi lofiirira mkati, ndiye kuti wayamba kuwonongeka, usagone nalo m'nyumba. Ngakhale fungo likhale labwino, Lowerukalo uwauze a kusitoloko kuti uli ndi onga wosadziwika, akuuze njira yovomerezeka youtayira kumeneko. Ukabwerako undiimbire, ndikufuna ndimve chaka chimene chalembedwa pa kabuku katsopanoko.